Buku la Lettie

Tawina Elias anatsala ndi mzere umodzi wokha m'logibuku lake, ndipo mzere umenewo unali utamulanda tulo ndi chilakolako cha chakudya chomwe. Logibuku ndi lija buku limene ophunzira unamwino ndi uzamba amayenda nalo m'zipatala. Mayi wapakati ukamuchiritsa ndi manja ako, umalemba dzina lake, tsiku ndi nthawi imene mwana wabadwa, kenako mzamba wokuyang'anira amasaina pambali. Kukoleji anali atanena mosapita m'mbali kuti akufuna amayi makumi awiri, osachotsapo ndi mmodzi yemwe. Lachisanu mphunzitsi wawo, a Gracian, abwera ndi minibasi ya sukulu kudzawerenga mizereyo. Wokwanitsa akwera, akalembe mayeso otsiriza mwezi wamawa. Wosakwanitsa atsala pomwepo, adzalemba ndi gulu la m'mbuyo pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tsono tsikuli linali Lachinayi.

Anzake atatu amene anatumizidwa nawo pa kachipatala kameneka, kuseri kwa Lirangwe, anali atadzaza mabuku awo kalekale. Kodi anali anzeru kumuposa? Ayi ndithu, m'kalasi Tawina ndiye ankatsogola. Vuto lake linali kuchedwa, mwana ameneyu! Mayi akalowa ku leba akubuula, iye ankayamba ndi kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kupereka moni, kudzitchula dzina, kufunsa mbiri kuyambira mimba yoyamba, ndiye n'kuyamba kuyeza kuchokera kumutu kutsika pang'onopang'ono mpaka kumapazi, monga anaphunzirira pa chidole cha pulasitiki kusukulu. Pofika kumapaziko, mnzake Tikondane amakhala atavala kale magolovesi, mwana ali m'manja, dzina lalowa m'buku la Tikondane. Ndipo tinene zoona, ena mwa anzakewo ankasainitsa ngakhale mwana amene anangomusuzumira ali pakhomo.

A Sisita Magret, mzamba wa pamalopo, anamupatsa dzina loti Pulofesa. Musawaone ngati munthu woipa mayi amenewa, anali munthu wotopa chabe. Sikelo ya amayi apakati inali yawo, leba yawo, zakulera zawo, madzi a pampopi anauma chaka chatha, ndipo pofika masana mapazi awo ankatupa mpaka nsapato kuziponda kuchidendene.

"A Pulofesa," ankatero, "chidole chanu cha kusukulu chija chinali chokha m'chipinda, panja panalibe anthu makumi asanu akudikira padzuwa. Kuno timawerenga buku la kusikelo la mayi, kugwira mimba, kumvera mtima wa mwana, kuyeza njira, basi. Zinazo mukawasangalatse nazo okuyesani mayeso."

Tawina ankangoti, "Chabwino, a Sisita," mawa lake n'kuyambanso kumutu.

Kwawo ku Chileka sankadziwa kanthu. Bambo ake, mlonda wa pabwalo la ndege, anali atauza kale aliyense wodutsa pageti paja kuti mwana wawo akumaliza unesi chaka chino. Mayi ake anali atagula nsalu yofanana ya banja lonse yodzavala pa tsiku lolandira satifiketi, ndipo Lachitatu anaimba foni, mawu awo akupikisana ndi ndege imene inkanyamuka kuseri kwa nyumba: "Telala akufunsa, diresi lako likhale la manja aatali kapena aafupi?" Tawina anayankha kuti aganiza kaye. Za mzere uja pakamwa panakana.

Lachinayilo kunacha ndi dzuwa la Okutobala lija lopanda manyazi, lotentha munthu asanamwe ndi tiyi yemwe. A Sisita anasonkhanitsa ophunzira onse anayi pakhonde.

"Tamverani kuno. Aliyense wolowa ku leba lero ndi wa Pulofesa. Wina ndikamuona akuvala magolovesi, ndithana naye. Wamva, Tikondane?"

Koma amayi apakati a ku Lirangwe anachita ngati apangana. Seveni koloko, zii. Naini koloko, zii. Tawina anapukuta mabedi awiri a ku leba, n'kuwapukutanso. Itangokwana teni, njinga yamoto inaima pansi pa mlambe, n'kutsikapo mayi wachitsikana atagwira msana, pambuyo pake mayi ake, achikulire ndithu, atanyamula beseni lokhala ndi zitenje ndi pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi.

A Sisita analandira buku la kusikelo, naliwerenga ali chiimire. Nkhope sanaiyang'ane n'komwe, nanga nkhope zingati zimadutsa pa benchi lawo mwezi umodzi?

"Lettie Malizani, zaka twente seveni. Mimba yachitatu, awiri oyamba anachira bwinobwino. Sikelo wapita kanayi, magazi okwanira. Ha! Pulofesa, Mulungu wako sagona. Uyu njira akuidziwa kale, iwe kwako n'kungolandira. Ikamakwana thuu koloko ine ndikhala nditasaina."

Anagwira mimba pamwamba pa chitenje, nagwedeza mutu, ulendo wa ku sikelo komwe amayi anali atandandana mpaka pa mjigo.

Mtima wa Tawina unadumpha ndi chimwemwe, osabisa. Anasamba m'manja ndi madzi a m'ndowa, natseka katani.

"Muli bwanji, a Lettie? Ine ndine Tawina, wophunzira uzamba. Ndikuthandizani ndine lero."

Mayiyo anangoyang'ana pawindo.

"A Lettie?"

"Akuitana iwe," anatero achikulire aja, akumugunda ndi chigongono.

"Ee, ndili bwino, a nesi."

Tawina anaganiza kuti ndi ululu. Anapempha achikulirewo kuti adikire panja, pakuti kusukulu anaphunzira kuti mayi amafunsidwa ali yekha. Anatuluka monyinyirika, akucheukacheuka. Mafunso mayiyo ankayankha mwachidule ngati ali kupolisi. Mwana womaliza ali ndi zaka zingati? Ziwiri. Ayi, zinayi. Tawina anayang'ana m'buku, munalembedwadi zinayi. Anayamba kumutu monga mwa masiku onse, m'maso, m'kamwa, m'zikhatho, m'mawere. Atafika pamimba n'kufuna kumasula chitenje, mayiyo anagwira mfundo ndi manja awiri, gwa!

"Apa ayi, a nesi. Gwirani pamwamba pomwepa. A Sisita aja agwira pamwamba."

"Ine ndiyenera kuiona mimba yonse, mayi. Muno mulibe wina."

"Ndili ndi manyazi."

"Manyazi pa mimba yachitatu?" Tawina anaseka pang'ono kuti amumasule, koma dzanja sanalichotse pamfundopo. Ululu unabwera, mayiyo anapinda zala za kumapazi, nagwira chitsulo cha bedi, chitenje n'kumasuka chokha.

Kunsi kwa mimba, pamene mimba imagwera pachinena, kunali mikanda. Osati chingwe chimodzi kapena ziwiri, koma mpukutu wonse, yofiira, yoyera, yakuda, yothina mpaka kulowa m'khungu. Tawina anadabwa. Ndani amavala mikanda yothina chonchi mimba ili m'mwezi wake? Anthu amavula kalekale. Ululu utadutsa, anainyamula ndi zala ziwiri.

Chipsera. Chopingasa, chakuda, kutalika kwake ngati chikhatho. Mpeni wa dokotala unadutsapo apa, ndipo si kale kwenikweni. Atasindikiza pang'ono pambali pake, mayiyo anati "Mayo!" chikhalirecho ululu wa matenda unali utadutsa.

Tsamba limenelo Tawina ankalidziwa pamtima. Mayi amene anachitidwapo opaleshoni sachirira pamalo popanda fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni, chifukwa chiberekero chimatha kung'ambika pamene anasoka paja, ndipo chikang'ambika magazi amathira m'kati, mwana ndi mayi yemwe n'kupita anthu akuyang'ana. Koma buku la kusikelo linali apo patebulo, likunena kuti Lettie Malizani mpeni sunamukhudzepo.

Anakoka mpando, nayandikiza nkhope. "Mayi, dzina lanu ndani?"

Misozi inatsikira m'makutu.

"Tione."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ululu ukadutsa. Lettie anali achemwali ake, nawonso oyembekezera, miyezi yofanana, nyumba zoyang'anizana. Buku la Tione mwini linali pansi pa mphasa kunyumba, ndipo pa tsamba lake loyamba adokotala analembapo ndi cholembera chofiira kuti mimba yotsatira akachirire kuchipatala chachikulu m'tauni. Mwana wake woyamba anamutulutsa ndi mpeni zaka ziwiri zapitazo.

"Simukudziwa inu, a nesi. Ndinadzuka ndili pakati pa anthu achilendo, amayi anga akugona pa simenti panja sabata yathunthu. Kubwera kumudzi, pamjigo akunditcha mkazi wa mpeni, ati ndinachita ulesi kukankha. Apongozi anga akuti wong'ambidwa amalekeza ana atatu, mwana wawo akapeze wina. Ine ndikufuna ndichire ngati anzanga, kamodzi kokha. Ndithandizeni inuyo. Buku likuti ndilibe vuto. Palibe adziwe."

Apa ndiye tisamunamizire ungelo Tawina. Anaufuna mzere uja, anaufunitsitsa. Maganizo anabwera okha, ndipo anabwera atatchena: amayi ambiri a chipsera amachira okha popanda vuto, m'mabuku momwemo zinalembedwa. A Sisita awerenga buku, agwira mimba, anena okha kuti zonse zili bwino. Zitati zavuta, ndani angaloze chala wophunzira? Dzanja lake linafika pokokera mikanda ija pamalo pake, chipsera n'kubisika. Anaona diresi kwa telala, anaona bambo ake pageti.

Kenako anawerengera msewu. Kuchoka pano kukafika pa tala, fumbi ndi mabampu. Kuchoka pa tala kukafika m'tauni, kudutsa chipwirikiti cha pa Lunzu. Ola lathunthu n'kupitirira, ndiye kuti ambulansi yapezeka msanga. Munthu wong'ambika chiberekero alibe ola limenelo. Ndipo chipsera ichi chikupweteka kale matenda angoyamba kumene.

Anaimirira. "A Tione, sindikunamizani. Ndikupita kukawauza a Sisita."

"Mwandipereka! Ine ndakuuzani ngati mnzanga, inu mwandipereka!"

"Ee, ndakuperekani. Mudzanditukwane muli moyo."

Ku sikelo a Sisita anali ndi mayi wina pabedi, ena khumi pabenchi. Sanatembenuke n'komwe. "Bwanji, a Pulofesa, mwafika kumapazi?"

"Sindinafike. Tabwerani mudzaone."

"Iwe, ukuwaona anthuwa?"

"Ndikuwaona. Tabwerani pompano, a Sisita."

Mwina ndi kamvekedwe ka mawu kamene kanawanyamula, pakuti Tawina anali asanawayankhulepo choncho. Atafika ku leba n'kuona chipsera, anaima duu. Anayang'ana buku, anayang'ana nkhope ya mayiyo, ulendo uno bwinobwino. Ndiye anakankha chitseko.

"Mayi inu, talowani! Imvi zonsezi, mukubweretsa mwana wanu ndi buku la wina? Mumafuna adzafere m'manja mwanga? Asa!"

Achikulire aja anagwada pakhomo, akusisita manja. "Pepani, a nesi. Mwana analira, ine ndinamva chisoni."

Koma pakamwa pakukalipa, manja a Sisita anali pa ntchito, ndipo apa Tawina anaona zimene chidole sichiphunzitsa. Mtsempha umene iye akanaufunafuna mphindi khumi, iwo anaupeza ndi chala chimodzi, diripi n'kuyamba kudontha. Foni ili pakhutu, yopanidwa ndi phewa, akuitana ambulansi, dzanja lina likulemba kalata yotumizira wodwala. Anayeza njira, anamvera mtima wa mwana, anadula mikanda ija ndi sizasi n'kuiponya m'beseni, anatuma Tikondane akagwirizire sikelo. Zonsezi mphindi zisanu zisanathe.

Ambulansi inali kwina ndi wodwala wina. Inafika itadutsa thwelofu, dalaivala wake, a Idrisa, atanyowa thukuta mpaka m'kolala.

"Iwe wamupeza, iwe umuperekeze," anatero a Sisita. "Ine ndikachoka pano patsala ndani?"

"Koma wophunzira saloledwa kuperekeza wodwala yekha."

"Lamulolo likwere ndilo, likagwire diripi. Takwera, iwe!"

Tawina anadziwa kuti akakwera, Lachinayi latha. Anakwera.

Njira yonse ya fumbi Tione anatembenukira kukhoma la galimoto, osamuyankhula. Tawina anagwada pambali pake, dzanja lina pa botolo la diripi, lina pamkono wa wodwala kuwerenga kugunda kwa mtima. Galimoto ikachepetsa liwiro, ankaika kachitoliro kake pamimba kumvera mwana. Pa Lunzu a Idrisa analiza sayilini, anthu a tomato ndi a kabaza akupatuka mwaulesi ngati akuwachitira chifundo. Atadutsa pamenepo, ululu wa Tione unasiya kubwera n'kupita, unangokhazikika. Anayamba kutuluka thukuta lozizira, ndipo dzanja lake linafufuza mpaka linapeza yunifolomu ya Tawina, n'kuigwira zolimba.

"A nesi, ndifa?"

"Simufa. Tatsala pang'ono. A Idrisa, pondani!"

Pa Kameza, pamene msewu umapatukira ku Chileka, Tawina sanadzutse n'komwe mutu, chikhalirecho kwawo kunali pompo.

Kuchipatala chachikulu anapereka kalata, natchula dzina loona, Tione, nafotokoza za chipsera ndi buku lobwereka. Dokotala anagwira mimba kamodzi kokha n'kukuwa kuti akonze fiyeta. Machira anathamanga, buku la Lettie lili kumapazi kwa wodwala pamodzi ndi mapepala ena, chitseko n'kutsekeka. A Idrisa anali ndi makatoni a mankhwala oti atenge, choncho Tawina anali adakali pakhonde pomwepo pamene nesi wina anatuluka atatsitsa chophimba kukamwa.

"Ndani wabweretsa wa ku Lirangwe uja? Ndiwe? Iii, chiberekero chinapyapyala ngati jumbo, tsitsi la mwana limachita kuonekera. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Mwana wamkazi, onse ali bwino."

Achikulire aja anakhala pansi pomwepo, n'kuyamba kulira akuwomba m'manja. Tawina anatsamira khoma. Anakondwa, ee, anakondwa kwambiri. Koma ali m'galimoto pobwerera, chimwemwecho chinakhala mbali imodzi, mbali ina kunakhala mzere uja.

Anafika dzuwa litapendeka. Anapeza a Sisita pa benchi la pakhonde, nsapato atavula, mapazi atasanjika pa ndowa yovundikira. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, kenako anapumira m'mwamba.

"Thuu koloko kunabwera wina, mutu wa mwana uli kale panja. Ndamulandira ndekha." Anatambasula dzanja. "Bweretsa logibuku."

Tawina analitulutsa m'chikwama, nawapatsa. A Sisita anatsegula pa mzere uja, nasolola cholembera m'thumba la pachifuwa.

"Ntchito wagwira lero yaposa mizere khumi. Ine ndagwira mimba ija osaona kanthu, zaka zonse ndakhala panozi. Ndilemba dzina la mayi wa thuu kolokoyu, ndisaina. Anzako ndawasainira zoposa apa. Palibe adziwe."

Mawu omalizawo ndi amene anamubaya, pakuti anali atawamva kale m'mawa kuchokera pa bedi la ku leba. Cholembera chinali chitakhudza kale pepala pamene Tawina anaika dzanja pamzerepo.

"Mayi ameneyo ngakhale nkhope yake sindikuidziwa, a Sisita. Buku lonama limodzi landikwana lero."

"Miyezi sikisi, iwe mwana! Ukuidziwa?"

"Ndikuidziwa."

"Mutu wako ndi wouma ngati dambe." Anamuponyera bukulo pamiyendo, koma ulendo uno sanakalipe.

Madzulo omwewo anaimba kwawo, nafotokoza zonse mosazungulira. Atamaliza, mayi ake anayamba mafunso.

"Nanga anthu kutchalitchi ndikawauza chiyani? Bambo ako aika nkhope yawo pati? Nanga nsalu ija?"

"Isungeni, amayi, siwola. Ndidzavala ndithu."

Atadula analira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina omwe, kuseri kwa nyumba yogona ophunzira. Atatha anasamba kumaso, nasita yunifolomu ya mawa. Panali patatsala usiku umodzi ndi m'mawa umodzi, mwina wina abwera. Sanabwere.

A Gracian anafika teni koloko Lachisanu, nakhala pampando pansi pa mlambe, malogibuku anayi pamiyendo. Atatu anawawerenga n'kuwaika pambali. La Tawina analiwerenga kawiri. A Sisita anasiya odwala, chinthu chimene sankachita, n'kubwera kudzafotokoza za dzulo, manja m'chiuno, mawu pamwamba, mpaka amayi a pabenchi anatchera khutu. A Gracian anamvetsera, anavula magalasi, anamuyang'ana Tawina.

"Wachita zimene timakuphunzitsani, ndipo ndikazinena pamaso pa kalasi yonse. Koma mayina a olemba mayeso akupita lero masana, ndipo ine ndiyenera kulemba zimene ndawerenga. Pano pali naintini."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Utsala pompano mpaka ukwanitse. Tidzakuitana ndi gulu linalo."

Anzake anakweza zikwama. Tikondane anamukumbatira osamuyang'ana m'maso. Thwelofu koloko minibasi inakhota pa mjigo, fumbi linakwera, linatsika, basi. Tawina anaima pakhonde mpaka phokoso la injini litazima, kenako anabwerera kukathandiza a Sisita, pakuti anthu anali akudikirabe.

Koma abale, dziko ili lili ndi mwano! Itadutsa firii koloko, mayina atapita kale, pakhomo la leba panaima mayi wa mimba yaikulu, yekhayekha, beseni pamutu, dzanja pamsana. Sanalowe. Nkhope yake Tawina anaiona ngati akuidziwa, mphuno yomweyo, mpata wa mano womwewo.

"Ndikufuna nesi uja anaona mikanda dzulo," anatero mayiyo motsitsa mawu.

"Ndine."

"Ine ndine Lettie, mwiniwake wa buku lija. Matenda andiyamba mbandakucha, koma ndimaopa kubwera. Buku ndilibe, latsalira m'tauni, ndimati andithamangitsa. Ndiye amayi aimba masana ano kuti mng'ono wanga ali moyo chifukwa cha inu, ati ndibwere kwa inu basi."

Mbandakucha! Tawina anawerengera maola, mtima unamuwawa ngati wapondedwa. Mayiyu akanabwera nthawi imeneyo, bwenzi pano iye ali m'minibasi ndi anzake. Anamutula beseni.

"Lowani, a Lettie. Palibe akuthamangitseni."

A Sisita anatulukira kumbuyo, pakamwa patatseguka kale kuti ayambe za buku lobwereketsa. Anayang'ana Lettie, anayang'ana Tawina akusamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kutseka pakamwapo. Anakoka kampando, nakhala pambali pa bedi.

"Buku palibe, a Pulofesa. Yambirani kumutu kwanu kuja, ndione nawo."

Tawina anayamba kumutu. M'maso, m'kamwa, m'zikhatho, mimba yonse poyera, mpaka kumapazi, ndipo palibe anamufulumizitsa. Mwana wamwamuna anabadwa faifi koloko itangodutsa, akukuwa mpaka odikirira odwala panja anaseka. Atamupukuta n'kumugoneka pachifuwa pa mayi ake, zotsalira zitatuluka, magazi ataonetsetsa kuti asiya, Tawina anavula magolovesi n'kutsegula logibuku. Pa mzere womaliza analemba Lettie Malizani, dzina lomwe lija akanalemba dzulo. A Sisita anasaina pang'onopang'ono, nalemba nthawi, maola asanu minibasi itachoka.

"Lachedwa," anatero pomubwezera.

"Lachedwa, koma ndi langa."

Analiika m'chikwama, natenga ndowa kukatunga madzi otsukira bedi. Ali pamjigo anatumiza uthenga kwa mayi ake woti telala asoke diresi la manja aatali, pakuti mwezi wa Juni kumazizira.